Dzina lako lalowa kangati m'maere?

Chaka cha 2024, chilala chitapsereza chimanga m'minda, malaiti nawonso akuzima maola ambiri kuposa amene ankayaka, mwana wa mlongo wanga wa zaka 15 anaonera filimu ya The Hunger Games pa foni ya mnzake pa boma ku Chadiza. Anaionera masiku atatu, chidutswa lero, china mawa, malinga ndi mmene batire lalolera. Nditamufunsa chomwe chamugwira mtima, ndinkadikira kuti atchula uta ndi mivi, kapena za Katniss ndi anyamata ake awiri aja. Iye anangoti, "Amalume, zija zakuti ukatenga chakudya dzina lako amaliwonjezera m'maere, zija si za m'filimu chabe." M'filimuyo nkhaniyi imangotchulidwa modutsa. Koma mwana amene waona amayi ake akuyeza unga ndi kapu chaka chimene a Hakainde Hichilema analengeza, pa 29 February, kuti dziko lili pa tsoka la chilala, sanafunike wina womumasulira. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuwerenganso mabuku amtunduwu, kufuna kuona pamene akukamba zoona kwa wachinyamata wa kuno kwathu ndi pamene akumunamiza.

Azungu amawatcha dystopia. Mawuwa anabadwa potsutsana ndi Utopia, dzina lomwe Thomas More anapatsa chilumba chongopeka m'buku lake la 1516, kumene zonse zinali m'malo mwake. Dystopia ndi dziko lamawa lomwe zinthu zinapotoka, ngakhale kuti olamulira ake amalumbira kuti kulibenso dziko labwino kuposa limenelo. Akuluakulu anali nawo kale awo, monga Brave New World ya Aldous Huxley ya 1932 ndi Nineteen Eighty-Four ya George Orwell ya 1949. Achinyamata awo anadza mochedwerapo. The Giver ya Lois Lowry inatuluka mu 1993, ndipo The Hunger Games ya Suzanne Collins itatuluka mu 2008, osindikiza mabuku ku America anathamangira mtunduwu ngati ana pa ngumbi.

Kwa amene simunaliwerenge buku la Collins, nkhani yake ili motere. Dziko la Panem lili ndi mzinda wolemera wotchedwa Capitol ndi maboma 12 osauka omwe amaugwirira ntchito. Polanga mabomawo chifukwa choukira kalekale, chaka chilichonse boma lililonse limapereka mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi, a zaka za pakati pa 12 ndi 18, osankhidwa mwa maere. Ana 24 amenewa amatsekeredwa m'bwalo lalikulu kuti aphane mpaka atsale mmodzi, dziko lonse likuonera pa TV. Katniss Everdeen wa zaka 16, wa ku boma la 12 kumene amakumba malasha, amadzipereka m'malo mwa mng'ono wake Prim.

Ambiri amakumbukira kudzipereka kumeneko. Kwa ine nzeru ya bukuli ili m'masamu a maere aja. Mwana akakwanitsa zaka 12 dzina lake limalowa kamodzi, pa 13 kawiri, kumangokwera choncho. Koma amene kwawo kuli njala akhoza kupempha tirigu pang'ono ndi mafuta zokwanira munthu mmodzi chaka chonse, malipiro ake nkukhala kulowetsa dzina kenanso. Ndipo zimene walowetsa chaka chino sizichotsedwa chaka chamawa. Katniss ankatengera anthu atatu, iyeyo, amayi ake ndi Prim, motero pa zaka 16 dzina lake linali m'maere ka 20. Mnzake Gale, wodyetsa banja lalikulu, ka 42. Mwana wa zaka 16 amene kwawo amadya katatu, kasanu kokha. Lamulo ndi limodzi kwa onse. Palibe msilikali amene amagwira Katniss pakhosi kuti akasaine. Amapita yekha, ndi miyendo yake.

Apa Collins akufunsa funso lakale la anthu oganiza za chilungamo: kodi munthu wovomera chifukwa cha njala wavomeradi? Kuno kum'mawa funsoli timalidziwa popanda buku. Taganizani za mnyamata amene makolo amupereka kukaweta ng'ombe za munthu wina zaka zingapo kuti pamapeto alandire ng'ombe imodzi, anzake akupita kusukulu. Mukawafunsa makolowo adzakuuzani kuti anagwirizana bwinobwino, mwanayonso anavomera. Taganizani za mtsikana wa zaka 15 amene wapita kubanja kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Kuyambira January 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka Grade 12, ndipo mu December 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wapachikhalidwe, usawerengedwe. Malamulo abwino amenewa. Koma nkhokwe ikauma mu November, kusaina kuja kumachitikabe, popanda pepala. Azigogo athu anakuonanso m'nthawi ya atsamunda. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama zomwe m'mudzi munalibe, ndiye amuna ochokera dera la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, ankanyamuka "mwakufuna kwawo" kupita ku mapulazi ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ena nkukhala machona osabwereranso.

Collins waonanso chinthu china chomwe ndi chowawa kuvomereza. Maere otere amadanitsa osauka ndi osaukirapo pang'ono. Gale amapsera mtima mwana wa meya, mtsikana amene sanalembe lamulolo, chifukwa iyeyo ndi amene ali pafupi, pamene Capitol ili kutali. Aliyense wokulira mu komboni amene anayang'anapo mwana wa kumayadi ndi diso lofiira akudziwa mkwiyo umenewu, ndipo akudziwa kuti sufika kwa amene unayenera kufikako.

Tisapitirire muyeso. Lusaka si Capitol, ndipo palibe amene amachita maere ophera ana athu. Ndamvapo achinyamata akukamba ngati kuti kufanizira kwatha pamene anena kuti "ife ndife District 12." Kumeneko ndi kuwerenga kwaulesi, kongofuna kudzimvera chisoni. Ngati mukufuna boma lofanana nafe m'bukuli, yang'anani la 11, la alimi, kumene anthu amalima chakudya cha dziko lonse koma amakwapulidwa akadyako. Mlimi wogulitsa chimanga, nshawa kapena soya kwa a masikelo mwezi wa May pa mtengo wogwetsa ulesi, nkudzagula unga wodula mu February, sakwapulidwa ndi munthu, komabe akawerenga za boma la 11 sadzafunsa tanthauzo.

Ndipo pali mpando wina m'bukuli umene sitikonda kudziona titakhalapo, wa oonerera. Collins anafotokozapo kuti ganizo la nkhaniyi linamubwerera usiku wina akusinthasintha matchanelo a TV, uku mpikisano wa achinyamata, uku zithunzi za nkhondo ya ku Iraq, mpaka ziwirizo zinayamba kusakanikirana m'mutu mwake. Dzina lakuti Panem lichokera ku mawu a Chilatini a mlakatuli Juvenal, amene ankadzudzula anthu a ku Rome kuti anagulitsa ufulu wawo ndi mkate ndi masewero. Anthu a ku Capitol si afiti ayi. Amalira mwana amene amamukonda akafa, amasonkha ndalama kumutumizira mankhwala, kenako amadikira gawo lamawa. Tsono bukulo limatiika ife owerenga pa mpando womwewo, chifukwa nafenso timatembenuza tsamba kufuna kudziwa amene afe. Kodi ndi kangati pamene mwalandira pa WhatsApp vidiyo ya mnyamata akumenyedwa pa msika pomuganizira kuba, kapena ya mtsikana amene chibwenzi chamuyalutsa, inu nkuonera mpaka kumapeto, nkutumizanso ku gulu lina? Wojambula uja anali ndi manja awiri, ndipo onse anagwira foni. Pa nkhani iyi wa mu komboni akhoza kukhala wa ku Capitol popanda kukwera basi.

Malo amene ndimawakonda kwambiri m'buku loyamba alibe ndewu. Rue, kamtsikana ka zaka 12 ka ku boma la 11 komwe kanagwirizana ndi Katniss m'bwalomo, kalasidwa ndi mkondo nkufa. Nzeru ya mpikisano ikuti thawa msanga. Katniss amatsala, nkuthyola maluwa akutchire, nkukongoletsa mtembowo makamera akuona. Mchewa aliyense azindikira chimene chachitika apa: wagwira ntchito ya adzukulu pa maliro a mwana wa eni. Boma linanena kuti uyu ndi mdani wako, iye wayankha ndi manja kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu a boma la 11, osauka chomwecho, amasonkherana nkumutumizira mkate, ndipo pambuyo pake Thresh, mnyamata wa kwawo kwa Rue, amamuleka wamoyo pamene akanatha kumupha. M'dziko lomwe lamulo laola, chimene chatsala ndi ngongole za chifundo zomwe anthu amasungirana. Katniss mwiniwake sanaiwale mkate wopserera umene Peeta anamuponyera ali ndi zaka 11, bambo ake atafera mumgodi, banja lili pafupi kufa ndi njala. Chidandaulo changa ndi chakuti Rue, mwana wakhungu lakuda, analengedwa kuti afe, kuti mtima wa ngwazi ukule. Zimenezi taziona kambiri m'nkhani za ku America. Filimu itatuluka mu 2012 kunali ngakhale oonera ena amene anadandaula pa intaneti kuti bwanji Rue ndi wakuda, chikhalirecho buku linanena kale za khungu lake.

Amene analekera pa buku loyamba anataya funso lolemera kwambiri, lomwe lili mu Mockingjay, buku lachitatu la 2010. Oukira apambana. Mtsogoleri wawo, mayi Coin, akupereka ganizo lakuti pachitike masewero omaliza, koma ulendo uno ophana akhale ana a akuluakulu a ku Capitol. Opulumuka m'masewero akale ndi amene avote. Prim, amene zonsezi zinayambira pofuna kumuteteza, wafa kale ndi mabomba omwe zikuoneka kuti anaponyedwa ndi mbali yomweyo ya oukira. Katniss akuvota kuti inde. Kenako, tsiku lopha mtsogoleri wakale Snow, muvi wake akuulozetsa kwa Coin. Owerenga amatsutsanabe ngati "inde" uja anali wochokera mumtima kapena msampha wopusitsira Coin. Ine ndimakonda kuti Collins sanatimasulire. Chomwe anaonetsa poyera ndi chakuti wozunzidwa akakhala pa mpando akhoza kupeza zida za womuzunza zikali zakuthwa, nkuona kuti kuzitaya ndi kuwononga. M'dziko lomwe tasintha chipani cholamula katatu kudzera m'voti, mu 1991, 2011 ndi 2021, ndipo tinaonapo makada pa misika ndi pa masiteshoni a basi akusintha mtundu wa malaya chabe, phunziro limeneli si lachilendo. Komabe onani mmene bukuli likuthetsera vutolo: ndi muvi umodzi wa mtsikana mmodzi, popanda bwalo la milandu, popanda kufunsa anthu. Ndibwereranso pamenepa.

The Giver ndi buku laling'ono, lofatsa, ndipo kwa ine ndi loopsa kuposa la Collins. Linapata mendulo ya Newbery mu 1994. M'mudzi wa Jonas mulibe njala, nkhondo kapena ulova. Anthu anasankha kufanana pa zonse, mpaka maso awo analeka kuona mitundu ya zinthu. Akulu amakusankhira ntchito ukakwanitsa zaka 12, amakusankhiranso mkazi kapena mwamuna ndi ana. Zokumbukira zonse za mtundu wa anthu, zokoma ndi zowawa, anazisenzetsa nkhalamba imodzi kuti enawo asavutike nazo, ndipo Jonas wasankhidwa kuti azilandire. Okalamba, ophwanya malamulo ndi makanda osakula bwino amati "amamasulidwa." Tsiku lina Jonas akuonera chithunzi cha bambo ake, munthu wachikondi wosamalira makanda, akumasula mmodzi wa mapasa, wochepa sikelo. Ndi jekeseni wa imfa. Bamboyo akulankhula ndi khandalo mwaulemu, ndipo madzulo akubwerera kunyumba kukadya ndi banja lake mtima uli m'malo.

Munthu wanjala akhoza kufunsa mwachilungamo kuti, mudzi wopanda njala, vuto lili pati? Sindikufuna kuti tiliyankhe mwachangu funsoli, chifukwa Lowry analembera ana okhuta, amene kusankha mtundu wa malaya ndi nkhani yaikulu kwa iwo. Pakati pa ufulu ndi nsima, ambiri a ife tinganene kuti bweretsani kaye nsima. Yankho la bukuli lili pa jekeseni uja: mtendere wa mudziwo uli ndi amene akuulipira, ndipo anthu sakuwaona chifukwa mawu anakonzedwa kuti asawaone. Bambo a Jonas sakunama akamati amamasula ana. Alibe mawu ena. Ifenso mawu ofewa oterewa tili nawo. Mwana wa zaka 12 wotengedwa kumudzi kukasesa ndi kuchapa m'tauni timati "wapita kukathandiza kwa achibale." Wamkulu akapereka mimba kwa mwana wa sukulu timakamba za "damage," ngati kuti wathyola mpanda. Mwana akagwiriridwa ndi wa m'banja timati "tinakambirana pachibale." Onse okamba mawu amenewa ndi anthu aulemu, opita kutchalitchi, ofanana ndi bambo a Jonas.

Nkhani ya zokumbukira nayonso imatikhudza pafupi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique, ya boma la FRELIMO ndi RENAMO, inkadumpha malire. Zigawenga zinkalowa m'midzi ya m'malire m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, kulanda katundu, kupha ndi kugwira anthu. Othawa nkhondo ambiri anakhazikitsidwa ku Ukwimi, dera lomwe panthawiyo linali la Petauke. Nkhondoyo, imene inagwiritsanso ntchito ana ngati asilikali, inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, chaka chomwecho cha chilala chachikulu ndi chimanga chachikasu. Amene anagona m'tchire nthawi imeneyo akali moyo, ena ndi ambuye anu. Ndi angati mwa inu amene anakhalapo nawo pansi kuwafunsa? Tili ndi zaka zambiri tikuonera ana ongopeka akuphana ku Panem, pamene osunga zokumbukira athu enieni akhala pakhonde akusenda nshawa, opanda Jonas wowafunsa.

Tsopano pamene mabukuwa akutinamiza. Pafupifupi onse amaima pa mwana mmodzi wapadera. Akulu m'nkhanizi kapena anafa, kapena ndi zidakwa ngati Haymitch, kapena anafooka ngati amayi a Katniss, kapena ndi adani. Gulu la anthu limakhala nkhosa zodikira kuti wina azitsogolere. Chifukwa chake nchosabisika: bukulo likugulitsidwa kwa wachinyamata amene amamva kuti palibe womumvetsa, ndipo likumuuza kuti ndi zoona, iwe ndiwe wosiyana, ena onsewa ali mtulo. Divergent ya Veronica Roth ya 2011 ndi imene inafika nazo poipa. Anthu a ku Chicago yamawa agawidwa m'magulu asanu malinga ndi khalidwe, ndipo Tris ndi ngwazi chifukwa sakwanira m'gulu limodzi. Pofika buku lachitatu tikuuzidwa kuti kusiyana kwake kuli m'magazi obadwa nawo. Ngakhale bukulo likuyesa kutsutsa tsankho la magazi limeneli, owerenga akhala kale mabuku awiri akusirira mtsikana chifukwa chobadwa wapadera. Sindikulimbikitsa kuti muwonongerepo mabandulo.

Wachinyamata wa kwa Zingalume kapena kwa Mlolo amene wameza chiphunzitsochi atsala ndi njira ziwiri: kudziyesa wosankhidwayo nkuyamba kunyoza akwawo, kapena kuvomereza kuti si iye nkukhala pansi kudikira mpulumutsi, kaya wandale kaya mneneri. Mbiri yathu sikuvomereza zimenezo. Ulamuliro wa chipani chimodzi wa UNIP sunagwe ndi muvi wa munthu mmodzi. Mu June 1990 mtengo wa unga utakwera koposa kawiri, ophunzira a pa UNZA ndi anthu a m'makomboni a Lusaka anadzaza misewu. Mabungwe a antchito, matchalitchi, maloya ndi amalonda anakankha mbali imodzi, mpaka pa 31 October 1991 anthu wamba anaima pa mizere nkuvota. Mayina a ambiri mwa iwo palibe amene anawalemba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani imene imaonetsa denga likusenzedwa ndi mtsikana mmodzi wokongola ikukubisirani mmene madenga amakwerera. Pano Lowry ndimupatseko ulemu wake. Jonas akathawa pa njinga ndi khanda Gabriel, cholinga nchakuti zokumbukira zija zibwerere kwa anthu onse kuti azisenze limodzi, ndipo nkhalamba ija ikutsala kuti iwathandize. Iye anaona kuti katunduyo ndi wa mudzi wonse.

Koma ndisanayambe kuyimba nyimbo yotamanda mudzi, pali buku limene limanditseka pakamwa. The Ear, the Eye and the Arm ya Nancy Farmer, mayi wa ku America amene anakhalapo zaka zambiri ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, inatuluka mu 1994 ndipo nkhani yake ikuchitika mu Harare wa chaka cha 2194. Ana atatu a mkulu wa chitetezo, Tendai, Rita ndi Kuda, akuzemba panyumba nkubedwa, nkukagwiritsidwa ntchito yokumba mapulasitiki akale pa dzala lalikulu la mzindawo. Atathawa akufika ku Resthaven, chigwa chozunguliridwa ndi khoma kumene anthu akukhala monga makolo akale, opanda makina, ng'ombe zikudya msipu wobiriwira. Tendai, mnyamata, akuona ngati wafika kumwamba. Rita, mtsikana, akupatsidwa ntchito zonse ndi chakudya chotsala. Kukubadwa mapasa, mwambo ukuti mmodzi achotsedwe, ndipo wosankhidwa ndi wamkazi. Rita akumuteteza, ndiye anawo akutchedwa mfiti nkumwetsedwa mankhwala oyesera ufiti, ofanana ndi mwabvi umene makolo athu ankamwetsana. Mapasa a Lowry anafera m'chipinda choyera cha sayansi, a Farmer akuweruzidwa pabwalo la mwambo. Mungakwiye kuti mzungu akutiuza za miyambo yathu, ndipo penapake bukulo limalemba Afrika ngati mlendo wodabwa. Komabe funso lake ndi lolunjika: mudzi wamtendere uja amauona bwanji amene amadya pomalizira? Timanyadira pa Kulamba ku Mkaika mu August, timanyadira kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, ndipo nkoyenera. Kunyadira kumeneko sikutiletsa kufunsa Rita wa m'mudzi mwathu kuti iye akuona chiyani.

Olemba akwathu atalowa m'munda umenewu anabzala mbewu ina. Shadreck Chikoti wa ku Malawi, mu Azotus the Kingdom ya 2015, anaika nkhani yake mu Afrika wa zaka mazana asanu kutsogolo, kumene munthu aliyense amakhala yekha m'nyumba yake, zosowa zonse akupatsidwa, osaonana ndi mnzake. Kwa olemba ambiri a ku America gehena ndi gulu lomwe limameza munthu. Kwa mlembi uyu gehena ndi kukhala wekha uli wokhuta, ndipo kuukira kumayamba pamene wina watsegula chitseko nkukumana ndi munthu mnzake. Kali kokha nkanyama. Ndikayang'ana anyamata anayi atakhala pa benchi imodzi pa shopu, aliyense nkhope ili mu foni yake, zaka mazana asanu zija ndimaziona ngati zachuluka.

The Old Drift ya Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, inatuluka mu 2019 nkupata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Silinalembedwere ana, ndi lalitali masamba oposa 500 ndipo Chingerezi chake nchofuna kupirira, koma amene muli mu Grade 12 kapena mwatsiriza liyeseni. Limayambira nthawi ya atsamunda, kudutsa pa Edward Mukuka Nkoloso amene mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata kuti akapite kumwezi, kudzera ku Kalingalinga, mpaka ku Zambia wamawa kumene anthu ali ndi tizida ta intaneti toikidwa m'manja mwawo ndipo kuli timadroni tating'ono ngati udzudzu. Achinyamata atatu akufuna kusintha dziko, akulunjika pa damu la Kariba pofuna kugwedeza boma, ndipo zotsatira zake zikupitirira kutali chimene ankafuna. Serpell amawakonda ana akewo koma sakuwapatsa chipambano chaulere. Madzi safunsa amene anali ndi cholinga chabwino. Aliyense amene anakhala mumdima mu 2024 chifukwa madzi a ku Kariba anatsika adzawerenga masamba omalizawo mosiyana ndi wa ku London.

Chimene sindinachipezebe ndi buku lotere la m'Chinyanja, lolembedwera inu. Zipangizo zake zili mbwee: malire omwe mbuzi zimadutsa popanda pasipoti, nambala ya foni imene imadziwa ngongole zako zonse, mvula yosadalirika, mnyamata wa ng'ombe amene akuwerenga zaka kuti alandire yake. Amene adzalembe asadzatipatse Katniss wovala chitenje. Adzatipatse ana angapo, ambuye awo mmodzi amene akukumbukira 1992, ndi chinthu chovuta kusankha chimene muvi sungathetse.

Mwana wa mlongo wanga uja anadzaonera mafilimu otsalawo chaka chotsatira, malaiti atayamba kukhalitsako. Ndinamufunsa za voti ija, kuti akanakhala pa tebulo limene lija akanati chiyani za ana a ku Capitol. Anayankha msanga kuti akanakana, chifukwa anawo sanaphe munthu. Anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, mng'ono wake akusewera pafupi ndi mtondo. Patapita kanthawi anati, "Koma akanakhala kuti wafayo ndi uyu, amalume, musadzandifunse tsiku lomwelo."